Foni Yolira Kamodzi

Sindikumbukanso kuti chinali chaka chanji. Ndimangokumbuka kuti mayi tinawaika m'manda mango atayamba kupsa, ndipo anthu a pamaliro atabalalika tinatsala atatu pakhonde: bambo, mlongo wanga Zelipa, ndi ine.

Bambo anagwira ntchito pachigayo zaka makumi atatu, ndipo chigayocho chinawadya makutu. Ukafuna kuyankhula nawo unkaima patsogolo pawo, iwo n'kumakuwerenga milomo. Foni ankaikana, ankati kuwagulira foni n'chimodzimodzi kugulira wadazi chipeso. Pamwamba pa ugonthiwo anali ndi matenda a shuga. Dokotala wa kuboma anatiuza mosabisa mawu kuti akamadumphitsa mankhwala ndi kuyezedwa, choyamba kupita adzakhala maso. Tonse tinamva zimene ankatanthauza, chifukwa bambo akanataya maso sakanakhalanso ndi njira yomvera munthu.

Ntchito yake inali yochepa. Lachiwiri loyamba la mwezi uliwonse pankafunika munthu wowakweza kabaza, kupita nawo kuchipatala, n'kukhala nawo pabenchi. Kumeneko namwino amaitana mayina ali m'kati mwa chipinda, ndiye bambo ankafunika wowamvera dzina. Zaka zonsezo ankawamvera ndi mayi.

Zelipa anakwatiwa kutsidya kwa malire, ulendo wa masiku awiri, ndipo anali ndi mwana wakumsana. Ine ndinali ndisanakwatire, ndinali nditangophunzira za makompyuta, ndipo ndinkadziona ngati munthu wofunika kwambiri m'dziko. Sabata ya maliroyo tinalasana mawu pa nkhani ya amene anadwazika mayi ndi amene anangobwera kudzalira. Mawuwo sindiwabwereza, koma oipa kwambiri anali anga.

"Amene muli pafupi ndinu, achimwene," anatero Zelipa tsiku lonyamuka. "Koma ndimakudziwani. Mukangoona waya mumaiwala ndi kudya komwe."

"Ndiye ukufuna ndilumbire?"

"Malumbiro anuwo asungeni. Tsiku lililonse sikisi koloko m'mawa muzindifulasha. Ilire kamodzi, mudule. Ndikaona, ndidziwa kuti mulipo ndipo bambo ali m'manja mwanu. Pakapita masiku atatu osalira, sindifunsa munthu. Ndibereka mwana, ndinyamuka."

Ndinali ndi malaini awiri monga aliyense, kuti netiweki ina ikavuta ina izigwira. Zelipa anawasunga kuti "Achimwene" ndi "Achimwene 2". A Lumbe, oyandikana nyumba ndi bambo, analemba manambala onse awiri ndi khala kuseri kwa chitseko chawo. Ine ndi Zelipa tinasiyana opanda kugwirana chanza, ndipo kuyambira pamenepo kucheza kwathu konse kunali kulira kamodzi kwa foni.

Ntchito yanga yoyamba inali m'tauni ya fumbi, pa bungwe la alimi a soya. Pansi pa tebulo panali seva, ndiye kuti kompyuta yosagona imene makompyuta ena onse amatungako zimene akufuna. Inali imodzi, ndipo ndinkaipukuta tsiku ndi tsiku ngati njinga yatsopano. Inafa tsiku la msika, sikelo ili ndi thumba pamwamba. Popanda iyo panalibe chotulutsa mapepala a matumba oyezedwa, ndipo alimi anakhala panja masiku atatu ndi ngolo zawo, ng'ombe zikulira ludzu. Ankandiyang'ana pawindo osanena kanthu. Kulibwino akanandinyoza.

Tsiku lachitatu bungwe linaitanitsa Mayi Chidothi, katswiri wa makompyuta, kuchokera kumzinda. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, ndipo sikuludiraivala ankaisunga m'chikwama chimodzi ndi buku la nyimbo. Anagwada, anasuzumira pansi pa tebulo, n'kudzuka akusasa chitenje.

"A injiniya, makina anu ena ali kuti?"

"Ndi omwewa, mayi."

"Ndiye munalibe makina. Munali ndi mwayi, ndipo watha Lolemba."

Anandiphunzitsa kuti chinthu chimene anthu amadalira chisamakhale chimodzi. Tinaika makina awiri, ena ogwira ntchito, ena odikira. Chilichonse chimene ogwira alemba, odikira amakopera nthawi yomweyo. Pakati pawo pankadutsa kachingwe, ndipo pa kachingweko ogwira ankatumiza kauthenga sekondi iliyonse konena kuti ndilipo. Akamisiri amakatcha kugunda kwa mtima. Kakapanda kumveka katatu, odikira safunsa munthu, amangotenga ntchito.

Ndinaseka mpaka anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinawauza kuti mlongo wanga anatulukira zimenezi kalekale, osapita kusukulu yake.

"Mlongo wanuyo ndi amene ndikanamulemba ntchito," anatero.

Masiku amenewo ndinali mwana wabwino. Lolemba ndinkakwera minibasi, n'kutsika pamphambano pamene pali mtengo wa mkuyu ndi mayi wogulitsa nthochi. Lachiwiri m'mawa ndinkapeza bambo atavala kale jekete, buku la kuchipatala lili m'thumba la pachifuwa. Pabenchi sankayang'ana chitseko cha namwino, ankayang'ana nkhope yanga. Dzina likaitanidwa ndinkawagogoda kawiri pabondo, iwo n'kudzuka monyadira ngati alimva okha. Pobwerera ankawerenga zikwangwani zonse za m'njira mokweza, mpaka za ogulitsa mabokosi a maliro.

Kenako mbiri inandinyamula kupita kutauni ya pansi pa phiri, kumene mvula siipempha. Kunali ofesi yolembetsa ana obadwa kumene. Ndinaika makina awiri, ogwira ndi odikira, bwinobwino monga ndinaphunzirira, ndipo ndinawagoneka m'chipinda chimodzi, pa soketi imodzi, kuti azioneka bwino alendo akabwera. Mphezi itagunda inawatenga onse pamodzi. Amayi a makanda anabwerera kwawo opanda mapepala, ena atayenda kuchokera kuseri kwa phiri.

Mayi Chidothi anabwera ndi ambulera yothyoka. Anayang'ana soketi yopsererayo nthawi yaitali.

"A injiniya, mwagula awiri n'kuwamangirira khosi limodzi. Choopsa chimodzi chikatha kuwapeza onse, ndiye kuti ndi mmodzi."

Tinasamutsira odikira kunyumba ina pamwamba pa phiri, ya magetsi a dzuwa ndi mabatire ake, ndi njira yakeyake ya netiweki. Ntchitoyo inatenga masiku anayi, ndipo mpaka titamaliza kuimika mlongoti, foni kumeneko sinkagwira. Ndinkadzuka, kuyang'ana foni, n'kunena kuti mawa.

Lachiwiri lotsatira nditafika kwathu ndinapeza Zelipa ali pakhonde, mapazi atatupa, mwana akulira kumsana. Bambo anali bwinobwino, akumusenderera nzimbe.

"Ndabwera monga tinapangana," anatero. Sanakweze mawu. "Bambo a mwanayu ndawasiya atakwiya. Kumalire anandiimitsa tsiku lonse. Njira yonse ndimaganiza kuti mwafa, kapena bambo afa."

"Inali netiweki chabe."

"Ine ndikanadziwa bwanji?"

Ndinachita manyazi, ndipo manyazi anga amakonda kusanduka nzeru. Ndinaganiza ngati mmisiri. Vuto linali loti odikira adzuka pachabe, chifukwa kugunda kwa mtima kunkadalira chinthu chimodzi chosadalirika, chomwe ndi ine. Ndiye ndinakonza. Ndinachotsa masimukhadi onse awiri m'foni. Yoyamba ndinaiika m'kabokosi kamene ndinalumikiza ku makina a m'tauni ya fumbi, yachiwiri m'kabokosi ka pamwamba pa phiri. Ndinalemba timizere tochepa touza kabokosi koyamba kuti sikisi koloko iliyonse kaziimbira Zelipa, ilire kamodzi, kadule. Kakalephera, kachiwiri kaziimba. Ndinakonza zoti malainiwo asamatsekedwe, n'kudzigulira laini yatsopano ya kuntchito. Magetsi osiyana, netiweki zosiyana, matauni osiyana. Pa zinthu zonse zimene ndamanga m'moyo wanga, chimenechi ndicho sichinagwepo ngakhale tsiku limodzi. Sindinauze munthu, koma ndinayenda sabata yonse ndikudzitama mumtima.

Tauni yachitatu inali yogawidwa pakati ndi mtsinje. Kampani ya mabasi inali ndi ofesi tsidya lino ndi ina tsidya lija, ndipo ndinaika makina uku ndi uko, chingwe chawo chikudutsa pansi pa mlatho. Linali Lolemba, ndili m'minibasi, mkuyu wa pamphambano ukuonekera kale, pamene foni yatsopano ija inalira. Madzi anali atadula chingwe. Makina a tsidya lino anasiya kumva anzawo, n'kuganiza kuti afa. A tsidya lija nawo anaganiza chimodzimodzi. Onse awiri anadziika pa ufumu, ndipo aliyense ankagulitsa mipando yomweyomweyo. Pa depoti anthu awiriawiri ankakanganirana mpando umodzi, aliyense tikiti ili m'manja, ndipo onse ankanena zoona.

Kondakitala anamenya denga la minibasi. "Otsika pa mkuyu!"

Mayi wa nthochi anakweza phava pawindo langa, pakuti ankandidziwa. Ndinapukusa mutu. Ndinadziuza kuti mwezi umodzi si kanthu, mapiritsi amatsalako, ndipo anthu akumenyana pa depoti. Minibasi inanyamuka ine ndili momwemo.

Kumeneko ndinaphunzira za mboni. Mayi Chidothi anati makina awiri akasiya kumvana, palibe mwa iwo angadziwe ngati mnzake wafa kapena ndi njira chabe yaduka. Pafunika kamakina kachitatu, kokhala kwina, koona onse awiri. Amene mboni ikumuona ndiye agwire ntchito, winayo akhale chete ngakhale akudzimva wamphamvu. Tinaika mboniyo m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya mmwenye, ndipo tinatha masabata awiri tikulekanitsa matikiti ndi manja.

Mwezi wotsatira kunagwa china. Ndinalemba kakalata kopempha a Lumbe kuti aperekeze bambo, n'kupatsa kondakitala kuti akasiye pamphambano. Sindinafunse ngati kanafika. M'mawa uliwonse ndinkadzuka sikisi koloko itadutsa, ndipo mtima unkakhala m'malo, chifukwa ndinkadziwa kuti foni ya Zelipa yalira kale. Sindikudziwa kuti ndi liti pamene ndinayamba kumva ngati kulirako ndi ntchito imene ndagwira.

Kuchokera apo matauni amandisokonekera. Kunali tauni ya njanji yopanda sitima, tauni ya fodya, tauni imene nyumba zake zonse zinali zopaka laimu mbali ya kumsewu yokha. Paliponse ndinkapeza chipinda chozizira, mlonda pakhomo, ndi timagetsi tophethira. Paliponse mlonda ankandipatsa moni n'kufunsa kuti kwanu ali bwanji, ine n'kuyankha kuti alipo. Mwina anali mlonda mmodzi yemweyo, ankangosintha chipewa.

Kumzinda waukulu makina sanalinso awiri, anali khumi, makumi awiri. Patsogolo pawo tinkaika ena ogwira ntchito ya wapachipata, olandira aliyense wobwera n'kumulozera kwa amene ali ndi mpata. Apachipatawonso tinkawaika awiri. Ndinaphunzira kukonza makina amodziamodzi anzawo akugwira ntchito, anthu osazindikira kanthu. Ndinaphunzira kuti kukopera nthawi yomweyo kumakoperanso zolakwika, tsiku limene kalaliki wina anafufuta mayina zikwi zitatu ndipo odikira anafufuta nawo mokhulupirika, ndiye tinayamba kusunga za dzulo ndi za dzana kwina kotsekedwa. Pakhoma la ofesi panali bolodi losonyeza kuti chaka chonse tinagwa mphindi zisanu zokha. Mabwana ankabweretsa alendo kudzaliona, n'kumandiloza ine. Ndinanenepa, ndinagula nsapato zosongoka, ndipo anthu ankati popanda ine dziko lingaime. Ndinkawakhulupirira.

Pamphambano ndinkadutsa ndithu, chifukwa misewu yonse ya ntchito yanga inkadzera pamenepo. Nthawi zonse linkakhala tsiku lolakwika, kapena tsiku loyenera koma foni ikulira. Ulendo wina mayi wa nthochi anakweza phava. Ulendo wina anangondiyang'ana. Ulendo wina anali mayi wina, ndipo ulendo wina mkuyu unali utadulidwa, pali shedi ya malata. Ndinkati mwezi wamawa ndidzapita ndi shuga wa odwala ndi jekete yatsopano, ndidzakhala sabata yathunthu. Manyazi a miyezi imene ndinaphonya ndi amene ankandiphonyetsa mwezi wotsatira.

Masana ena ndinasinza m'basi n'kulota chipinda chozizira chachitali ngati msewu, timagetsi tonse tili tobiriwira. Pakati pa makina panali benchi, ndipo bambo anakhalapo atavala jekete, akuyang'ana nkhope ya munthu aliyense wodutsa. Dzina lawo linkaitanidwa kuchokera m'makina onse. Ine ndinali pomwepo, koma manja anga onse anali atagwira zingwe ziwiri zimene sindikanatha kuzisiya. Nditadzidzimuka ndinapeza tadutsa kale pamphambano, ndipo ndinagula chimanga chootcha pa siteji yotsatira.

Ntchito yomaliza imene ndinagwira ndi Mayi Chidothi inali ya zipatala za chigawo chathu, kusunga mbiri za odwala kuti namwino kulikonse azizipeza. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, ndipo magalasi aja anali atawonjezera ulusi. Anandiitana chifukwa anamwino ankadandaula kuti masiku ena akafufuza wodwala, tsamba limabwera loyera. Ndinawatengera pa bolodi langa n'kuwaonetsa kuti timagetsi tonse ndi tobiriwira, ndipo takhala tobiriwira miyezi isanu ndi umodzi.

"Mumawafunsa chiyani makinawa, a injiniya?"

"Ngati ali moyo."

"Ndiye amati chiyani?"

"Amati ali moyo."

"Inenso ndili moyo. Tandisenzetsani thumba la chimanga muone." Anakhala pampando akupuma movutikira. "Kauthenga kameneka kamachokera pakamwa, sikachokera m'manja. Makina atha kusiya ntchito kalekale, pakamwa pokha n'kumanenabe kuti ndilipo. Ndiye odikira adzuka bwanji? Akumva mnzawo akuyankhula. Kugwa kwabwino ndi kwa amene wagwa n'kukhala chete, chifukwa wina amabwera. Musamawafunse ngati ali moyo. Muziwapatsa ntchito yeniyeni, imene namwino amawapatsa, muone ngati aigwira. Lembani dzina la munthu apo."

"Dzina la ndani?"

"La aliyense amene mukumudziwa."

Zala zinalemba zokha dzina la bambo. Tsamba silinabwere loyera. Linabwera lonse, mwezi ndi mwezi, monga mmene makalaliki ankalembera. Pamwamba panali miyezi yanga, yoyezedwa, mankhwala aperekedwa. Kenako panali mizere itatu yofanana: analembetsa pakhomo, anaitanidwa, sanayankhe. Ndinawaona bambo atakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka otsuka pansi atabwera, akuyang'ana milomo ya anthu osawadziwa. Pansi pake panali miwiri yosonyeza kuti wina anawaperekeza. Kenako mawu amodzi okha, sanabwere, sanabwere, sanabwere. Ndinatsitsa tsambalo ndipo mawuwo sankatha. Makina anga anali atasunga zonsezo m'matauni atatu, osataya ngakhale chilembo chimodzi.

"Agwira ntchito?" anafunsa Mayi Chidothi, pakuti pamene anakhala sankaona bwino.

"Agwira, mayi."

"Nanga mukupita kuti?"

Ndinasiya chikwama changa pomwepo n'kutuluka.

Njira ya kwathu imadzera m'tauni ya fumbi, ndipo ndinatsika. Bungwe la alimi linali litapaka penti ina, koma kabokosi kanga kanali pomwe ndinakasiya, kuseri kwa makina, katakutidwa ndi ulusi wa akangaude. Ndisanakazule ndinatsegula mndandanda wa amene anaimbapo. Namba ya a Lumbe inalipo kambirimbiri, m'mawa, masana, masiku otsatizana, kenako mwa apo ndi apo, kenako inasiya. Ya Zelipa inalipo pa Khirisimasi iliyonse, kamodzi. Foni zonsezo zinalira m'chipinda chotseka, pansi pa tebulo. Ndinazula chingwe mwaukali ngati kabokosiko ndiye kolakwa.

Panja ndinaimbira Zelipa ndi laini yatsopano. Sanaidziwe namba, ndipo mawu anga anachedwa kuwazindikira.

"Achimwene? Bwanji? M'mawa mwafulasha bwinobwino."

"Bwera kunyumba."

"Bambo?"

"Sindikudziwa. Bwera."

Ndinatsika pa shedi ya malata n'kuyenda wapansi. Linali Lachiwiri, ngakhale sindinakonze kuti likhale choncho, ndipo dzuwa linali litapendeka. Bambo anali pakhonde, atavala jekete, buku la kuchipatala likuonekera m'thumba la pachifuwa. Anali ataonda moti jeketeyo inkaoneka yobwereka. Ndinaima patsogolo pawo, pamalo pomwe ndinkaima kuti andiwerenge milomo, n'kunena kuti bambo, ndabwera. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana penapake pa phewa langa. Ndinanenanso. Ndinagwedeza dzanja. Ntchentche inatera pa tsaya lawo, iwo n'kuiingitsa.

A Lumbe anabwera akutsimphina, atatsamira mpini wa khasu. Sanandipatse moni.

"Anayamba ndi kunena kuti kuli nkhungu," anatero. "Chaka chatha ankaonako kuwala kwa pakhomo. Pano ayi. Tinkakuimbirani, foni imalowa ndithu, koma osayankha. Namba ya mlongo wanu munatisiyira? Ine ndinawaperekezako kawiri, mwendowu usanandigwire. Kenako anayamba kukana aliyense. Ankati mwana wanga abwera, akandipeza nditachoka adandaula. Amawerenga masiku ndi miyala m'chitini. Likakwana Lachiwiri lawo amavala jekete. Chakudya akazi anga amawapatsa, musadandaule za chimenecho."

Ndinagwada. Sindinadziwe kuti munthu wosamva ndi wosaona umamuuza bwanji kuti wabwera. Ndinatambasula dzanja n'kuwagogoda kawiri pabondo.

Anadzuka nthawi yomweyo, monga ankadzukira pabenchi. Kenako anaima, anapapasa mpweya, anapeza mutu wanga, makutu, mapewa.

"Wanenepa," anatero mokweza, monga amayankhulira anthu osadzimva. "Wachedwa. Akabaza apita kale."

Ndinalira ngati mwana, nkhope ili pa jekete yawo, ndipo iwo ankangondisisita kumutu n'kumati tipita mawa, usadandaule, tipita mawa.

Tinapitadi mawa lake. Ndinawamvera dzina. Dokotala anali wina, wachinyamata, ndipo anawaunika m'maso ndi katochi nthawi yaitali. Anati shugayo tiyesetsa kumutsitsa, miyendo tiiteteza, koma maso munachedwa nawo. Anafunsa ngati mkuluyu ali ndi ana. Ndinati alipo.

Zelipa anafika patapita masiku awiri, dzuwa likulowa, foni yake itathima njira yonse. Mwana wakumsana uja ankayenda yekha, atanyamula chikwama cha amayi ake. Zelipa anaima patsogolo pa bambo monga ndinaimira ine, n'kuyankhula, n'kudikira. Kenako anatenga dzanja lawo n'kuliika pa nkhope yake. Atatha kulira anandifunsa kuti zinayamba liti, ndipo ndinamuuza zonse, za kabokosi, za simukhadi, za mphambano. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Tsiku lililonse ndinkati ndikaona dzina lanu, ndinkakukhululukirani pang'ono," anatero. "Ndinkati achimwene pakamwa mpoipa, koma taonani, sanaphonyepo. Ndinkauza ndi anzanga omwe." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mukanangosiya, achimwene. Mukanangotopa n'kusiya, masiku atatu okha. Ine ndikanabwera."

Ndinamuuza kuti kabokosiko ndinakazula.

M'mawa mwake tinakhala atatu pakhonde, monga tsiku lija. Bambo anali pakati, kapu ya tiyi wopanda shuga ili m'manja. Zelipa anali ataika foni yake pabenchi, pafupi ndi ntchafu yawo. Manja anga anali pa maondo, opanda kanthu. Kutchalitchi kunalira belu la sikisi koloko, ndipo foniyo inanjenjemera kamodzi pa thabwa, n'kusiya. Tonse awiri tinayang'ana. Panalembedwa kuti "Achimwene 2". Kabokosi ka pamwamba pa phiri kanali kataona kuti mnzake wakhala chete, ndipo kanatenga ntchito osafunsa munthu, monga ndinakaphunzitsira.

Bambo anamva kunjenjemerako m'thupi, monga ankamvera chigayo. Anapapasa pabenchi mpaka anaigwira foniyo.

"Ndani akuitana?" anafunsa.

Zelipa anawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Anayankha mofatsa, akudziwa bwino kuti womva pakhondepo ndine ndekha.

"Ndi achimwene, bambo. Akuti zonse zili bwino."